Kakonzedwe ka Peptide Yodzilumikiza Yokha Yogwiritsa Ntchito Pachipatala

Peptide ndi unyolo waufupi wa ma amino asidi, tizidutswa timene thupi limalumikiza popanga mapuloteni. Ena mwa maunyolo amenewa akalowa m'madzi oyenera amafunana okha, n'kugwirana kukhala timaulusi tonenepa pafupifupi mananomita 10, ndipo timaulusito timalukana mpaka madzi onse amaundana kukhala jeli, ngakhale kuti peptideyo imangokhala gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi pa magawo 1,000,000 a milimita. Shuguang Zhang wa ku yunivesite ya MIT ku America anaona kachigawo kobwerezabwereza mu puloteni ya yisiti yotchedwa zuotin, ndipo mu 1993 iye ndi anzake anafotokoza za peptide EAK16, imene inatsegula njira ya ntchito yonseyi. Kuchokera nthawi imeneyo mapeptide otere alowa m'zipatala monga mankhwala oletsa magazi, othandiza mano ndiponso osunga mankhwala m'thupi kwa nthawi yaitali. Malangizo ano ndi a munthu amene akufuna kukonza yakeyake, ndipo mfundo yofunika kuigwira kuyambira pachiyambi ndi yakuti mndandanda wa ma amino asidi suli wokwanira pawokha, chifukwa madzi, mchere, pH (muyeso wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka), kutentha ndi mmene mwasakanizira zinthu zimathandizira kusankha chimene chidzatuluke.

Musanalembe amino asidi ngakhale imodzi, lembani kaye ntchito imene chinthucho chikachite m'thupi. Yankhani momveka kuti chikalowa malo ati, chikalowa bwanji, chikakhalako masiku angati, chikanyamula chiyani, ndiponso chiyenera kulimba motani. M'thupi mumatentha madigiri 37, pH ya magazi ndi 7.4, ndipo mchere wake uli pafupifupi 150 mM (mM ndi muyeso wa kuchuluka kwa chinthu chosungunuka m'madzi), choncho jeli imene imaoneka bwino m'madzi oyera a mu labotale koma n'kusungunuka kapena kuphwanyika m'mikhalidwe imeneyi ilibe ntchito. Kulimba kwake si nkhani yaing'ono. Mu 2006 Adam Engler ndi Dennis Discher anaonetsa kuti maselo oyambira a m'mafuta a m'mafupa akaikidwa pamalo ofewa ngati ubongo, a 0.1 mpaka 1 kPa (kPa ndi muyeso wa kulimba), amayamba kufanana ndi maselo a mitsempha ya ubongo, pamalo a 8 mpaka 17 kPa amapendekera ku minofu, ndipo pamalo a 25 mpaka 40 kPa amapendekera ku fupa. Majeli ambiri a peptide ndi ofewa, motero amayenerana ndi minyewa yofewa kusiyana ndi malo osenza katundu wolemera, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi msanga.

Zinthu zimene zafika kale kwa odwala zimaphunzitsa bwino pa mfundo imeneyi. PuraStat, ya kampani ya 3-D Matrix ya ku Japan, ndi peptide yotchedwa RADA16 yosungunulidwa m'madzi pa mlingo wa 2.5%, ndipo imathiridwa pamalo otuluka magazi pang'onopang'ono pamene dokotala akugwira ntchito m'mimba kapena m'matumbo ndi kachubu ka kamera. Inayenera kukhala yamadzimadzi kuti idutse m'kachubu kopapatiza, iundane ikangokhudza magazi, komanso ikhale yoonekera mkati kuti dokotala apitirize kuona pamene akugwira. Peptide yotchedwa P11-4, imene inachokera ku ntchito ya Amalia Aggeli ndi anzake ku Leeds ndipo imagulitsidwa ndi dzina la Curodont Repair, inayenera kulowa m'timing'alu ta dzino loyamba kubooka isanalumikizane, kenako n'kupanga ukonde wokoka calcium. Lanreotide, mankhwala a ma amino asidi 8 ochizira matenda a acromegaly, obwera chifukwa cha kuchuluka kwa homoni yokulitsa thupi, amadzilumikiza kukhala timachubu ndipo amatuluka pang'onopang'ono, kotero wodwala amabayidwa kamodzi pa masabata anayi. Pa zitatu zonsezi, ntchito yake ndi imene inalamula maonekedwe a molekyulu.

Ntchito ikadziwika, sankhani mtundu wa peptide woyambirapo, ndipo ine ndimalimbikitsa kuyambira pa umene wafufuzidwa kale mokwanira m'malo mopeka watsopano. Mtundu wodziwika kwambiri ndi wa mapeptide osinthanasinthana, mmene amino asidi yothawa madzi imatsatidwa ndi yokonda madzi, kenako yothawa madzi, mpaka kumapeto. Unyolo wotere ukatambasuka, mbali zothawa madzi zonse zimayang'ana kumodzi ndipo zokonda madzi zimayang'ana kwina. Maunyolowo amagona mondondozana ngati bango la pamphasa, atasokedwa ndi zomangira za haidrojeni, pa mpata wa mananomita 0.47 pakati pa unyolo ndi unzake, ndipo kagonedwe kameneka ndi kamene kamatchedwa beta-sheet. Zigawo ziwiri zotere zimaphatikana mobisa mbali zothawa madzi mkati, n'kukula motalika kukhala kaulusi. RADA16 ndi arginine, alanine, aspartic asidi ndi alanine zobwerezedwa kanayi. Alanine ndi imene imabisala mkati, pamene arginine, ya chaji (mphamvu ya magetsi) cha +, ndi aspartic asidi, ya chaji cha −, zimakokana kunja.

Ngati mukufuna jeli yobaya ndi singano itanyamula maselo, yang'anani MAX1, imene Joel Schneider ndi Darrin Pochan anakonza ku University of Delaware mu 2002. Ili ndi ma amino asidi 20: mikono iwiri ya valine ndi lysine zosinthana, ndipo pakati pali kachigawo kokhala ndi D-proline (proline yotembenuka ngati chithunzi cha pagalasi) kamene kamapinda unyolowo pawiri. M'madzi opanda mchere ma lysine amakankhana ndipo unyolo supindika, koma mchere ukabwera kapena pH ikakwera, umapindika n'kuyamba kulumikizana. Jeli yake imafewa ikamakankhidwa m'singano ndipo imalimbanso ikangotuluka. Mtundu wachitatu ndi wa Samuel Stupp wa ku Northwestern University, wofotokozedwa mu 2001, mmene peptide imamangiriridwa ku mchira wa mafuta wa makaboni 16. Mchirawo umabisala pakati pa kaulusi, kenako pamabwera chigawo chopanga beta-sheet monga ma valine atatu ndi ma alanine atatu, kenako ma glutamic asidi othandiza kusungunuka, ndipo kunja kwenikweni kumakhala chizindikiro cholankhula ndi maselo. Wofuna chinthu chotsika mtengo angayambire pa ma phenylalanine awiri okha, amene Meital Reches ndi Ehud Gazit a ku Tel Aviv University anaonetsa mu 2003 kuti amapanga timachubu, ndipo akawonjezeredwa kachidutswa kothawa madzi kotchedwa Fmoc amapanga jeli yolimba ndithu. Palinso mapeptide opotana ngati chingwe, amene Dek Woolfson wa ku Bristol wawafufuza kwambiri, koma ndi aatali ndipo amadula.

Tsopano lembani mndandanda wanu, ndipo chachikulu apa ndi kulinganiza mphamvu yokokana ndi mphamvu yokankhana. Valine, isoleucine ndi phenylalanine zimakonda kwambiri beta-sheet ndipo zimalimbitsa jeli, koma zikachuluka peptide imakana kusungunuka n'kungokhala matope pansi pa botolo. Alanine ndi yofatsa. Glycine imafewetsa unyolo, pamene proline imadula beta-sheet, choncho iikeni pokhapo pamene mukufuna kupinda kapena kuletsa kukula. Kenako werengani chaji chonse cha molekyulu pa pH imene mudzasungire mankhwalawo ndiponso pa pH 7.4. Aspartic asidi ndi glutamic asidi zili ndi pKa (pH imene chaji chake chimasinthira) yapafupi ndi 4, histidine pafupifupi 6, lysine pafupifupi 10.5, ndipo arginine imaposa 12. Kumbukirani kuti manambala amenewa amasuntha mamolekyulu akathithikana m'kaulusi, kotero kuwerengera kwa papepala ndi poyambira chabe. Musaiwale nsonga ziwiri za unyolo, chifukwa nazonso zili ndi chaji. N'chifukwa chake RADA16 ndi P11-4 zimatsekedwa ndi acetyl kumayambiriro ndi amide kumapeto.

Chaji chimenechi ndi chimene chimakupatsani choyambitsira kulumikizana. RADA16 imasungidwa m'madzi a asidi, a pH pakati pa 2 ndi 3, mmene aspartic asidi ilibe chaji ndipo ma arginine amakankhana. Ikakumana ndi magazi, pH imakwera, mchere umaphimba chaji, ndipo jeli imapangika. Kusintha amino asidi imodzi yokha kungasinthe liwiro lonse. Ku Delaware anachotsa lysine ya pamalo a 15 mu MAX1 n'kuikapo glutamic asidi, ndipo peptide yatsopanoyo, MAX8, inachepa chaji cha + ndi 2, n'kuyamba kuundana mwamsanga kotero kuti maselo sankakhala ndi nthawi yomira pansi koma ankafalikira mofanana m'jeli yonse. Njira ina yanzeru ndi ya Bing Xu, amene amamangirira phosphate pa tyrosine kuti peptide isalumikizane, mpaka enzaimu (puloteni yodula kapena kusintha mamolekyulu) ya alkaline phosphatase itaichotsa. Popeza maselo ena a khansa ali ndi enzaimu imeneyi yambiri, timaulusi timapangika pamene pali maselowo.

Chizindikiro cholankhula ndi maselo chiwonjezedwe pambuyo poti thunthu la peptide likugwira ntchito. RGD (arginine, glycine ndi aspartic asidi), imene Michael Pierschbacher ndi Erkki Ruoslahti anaipeza mu puloteni ya fibronectin mu 1984, imathandiza maselo kugwira. Chizindikiro china, IKVAV, chimachokera ku puloteni ya laminin, ndipo mu 2004 gulu la Stupp linaonetsa kuti maselo oyambira a ubongo wa mbewa akakhala m'timaulusi tonyamula IKVAV amasanduka kwambiri maselo a mitsempha. Ikani ma glycine awiri kapena atatu pakati pa thunthu ndi chizindikiro kuti chituluke poyera. Musamangirire chizindikiro pa molekyulu iliyonse popanda chifukwa, pakuti nthawi zambiri chimasokoneza kulumikizana. Ndi bwino kusakaniza peptide yokhala ndi chizindikiro ndi yopanda chizindikiro pa milingo yosiyanasiyana, n'kuona mlingo umene maselo akuukonda. Kompyuta ingakuthandizeni kuchepetsa chiwerengero cha zoyesa. Mu 2015 gulu la Rein Ulijn ndi Tell Tuttle linayesa pa kompyuta mapeptide onse 8,000 a ma amino asidi atatu pogwiritsa ntchito njira ya Martini, n'kusankha ochepa oyesa m'botolo. Komabe kompyuta imaneneratu bwino za kuunjikana kusiyana ndi za kupanga jeli, choncho zotsatira zake zitengeni ngati zokulozerani njira basi.

Kupanga peptide kumatsata njira imene Bruce Merrifield anayambitsa mu 1963, imene anapatsidwira mphoto ya Nobel mu 1984. Unyolo umamangidwa pa timikanda ta resin (mtundu wa pulasitiki), amino asidi imodzi pa nthawi. Ngati mukufuna amide kumapeto, gwiritsani ntchito Rink amide resin. Gulu loteteza la Fmoc limachotsedwa ndi piperidine ya 20% mu DMF, amino asidi yotsatira imalumikizidwa mothandizidwa ndi mankhwala olumikiza monga HBTU, HATU kapena DIC ndi Oxyma, ndipo pomaliza unyolo umadulidwa ndi chisakanizo cha asidi wamphamvu wotchedwa TFA, triisopropylsilane ndi madzi pa mlingo wa 95, 2.5 ndi 2.5, kenako n'kugwetsedwa pansi ndi ether yozizira. Vuto lapadera ndi lakuti mapeptide amene mwawakonza kuti azilumikizana amayamba kulumikizana ali pa resin pomwe, n'kutsekereza amino asidi yotsatira. Masamu ake ndi ophweka koma owawa: ngati sitepe iliyonse ikuyenda pa 99%, pa masitepe 16 mumatsala ndi pafupifupi 85%, koma pa 95% mumatsala ndi 44% yokha, ndipo enawo ndi maunyolo operewera amino asidi imodzi kapena zingapo amene ndi ovuta kuwasiyanitsa. Gwiritsani ntchito resin yosadzaza kwambiri, lumikizani kawiri pamalo ovuta, ndipo samalani pamene aspartic asidi ikutsatidwa ndi glycine, chifukwa pamenepo pamapangika kawirikawiri chosafunika chotchedwa aspartimide. Yeretsani ndi makina olekanitsa mamolekyulu a HPLC pa kolamu ya C18 mpaka kuposa 95%, ndipo tsimikizani kulemera kwa molekyulu ndi mass spectrometry.

Kaya mwapanga nokha kaya mwagula, pali zinthu ziwiri zimene ambiri amazinyalanyaza ndipo zimawononga ntchito ya miyezi yambiri. Choyamba ndi TFA. Peptide yochokera mu HPLC imabwera ndi TFA yomamatira pa lysine ndi arginine iliyonse, ndipo TFA imeneyi imatsitsa pH, imasintha kalumikizidwe, komanso imavulaza maselo, kotero mukhoza kuimba mlandu peptide yanu pa imfa ya maselo pamene wolakwa ndi TFA. Isinthanitseni ndi chloride posungunula peptide mu HCl yochepa mphamvu n'kuumitsa mozizira kangapo, kapena pemphani wogulitsa kuti akupatseni ya acetate kapena ya chloride. Chachiwiri ndi kulemera kwa ufa. Ufa umene mwayeza pa sikelo si peptide yokha, muli madzi ndi michere yomamatira, choncho mamiligalamu 10 a ufa si mamiligalamu 10 a peptide. Ngati muli tryptophan kapena tyrosine, yezani kuchuluka kwake ndi kuwala kwa 280 nm, ndipo ngati mulibe, chititsani amino acid analysis.

Kapangidwe ka jeli kalembedwe mwatsatanetsatane ngati mmene mwalembera mndandanda wa ma amino asidi, pakuti peptide imodzimodziyo ingatulutse jeli yoyera yolimba lero n'kutulutsa zibuma zoyera mawa chifukwa choti asidi anathiridwa mofulumira. Yambani ndi peptide yomwazikana bwino m'madzi opanda mchere. Amene amagwiritsa ntchito PuraMatrix, imene ndi RADA16 ya 1%, amayamba aiika m'chiwiya cha sonication (chogwedeza madzi ndi mafunde a phokoso) kwa mphindi pafupifupi 30 kuti ifewe. Ngati mukutsitsa pH, dontho la HCl limaunditsa malo amodzi asidi asanafalikire. Dave Adams ndi anzake anaonetsa mu 2009 kuti glucono-delta-lactone, imene imasanduka asidi pang'onopang'ono m'madzi monse, imapanga jeli yofanana paliponse ndipo yobwerezeka. Poika maselo mu RADA16, atsukeni kaye ndi sucrose ya 10% kuti muchotse mchere umene ungaunditse jeli nthawi isanakwane, asakanizeni mwachangu, ndipo thirani chakudya cha maselo nthawi yomweyo n'kuchisintha kangapo mu ola loyamba, chifukwa asidi wa peptideyo amapha maselo akachedwa kuchoka. Lembani kutentha, nthawi imene peptide yakhala m'madzi, ndondomeko ya zothira ndi nthawi yodikira. Yesani milingo ingapo, mwachitsanzo kuchokera pa 0.1% mpaka 2%, kuti mupeze mlingo wotsikitsitsa umene jeli imapangika.

Kutembenuza botolo n'kuona kuti zam'kati sizikugwa ndi chiyambi chabe cha umboni. Circular dichroism, njira yoyeza ndi kuwala, imakuuzani kagonedwe ka unyolo potengera pamene mzere wa zotsatira ukutsika: beta-sheet imatsika pafupi ndi 216 mpaka 218 nm, alpha-helix (unyolo wopotana) imatsika pa 208 ndi 222 nm, ndipo unyolo wosapindika umatsika pafupi ndi 198 nm. FTIR, njira yoyeza ndi kuwala kwa infrared, imatsimikizira beta-sheet pakati pa 1620 ndi 1640 cm⁻¹, koma TFA yotsalira imaonekera pa 1673 cm⁻¹ ndipo yasokoneza anthu ambiri. Utoto wa Thioflavin T umawala pafupi ndi 482 nm ukagwira timaulusi, ndipo ndi wothandiza potsatira liwiro la kulumikizana. Kuti muone timaulusi ndi maso mufunika maikulosikopu amphamvu a TEM kapena AFM, koma kuumitsa chitsanzo kumatha kupanga maonekedwe amene munalibe m'madzi, choncho cryo-TEM (TEM ya chitsanzo choundanitsidwa ndi kuzizira) kapena SAXS (njira yoyeza ndi X-ray) ndi zodalirika kwambiri pamene zingapezeke. Rheometer, makina oyeza kulimba, ndi imene imanena ngati muli ndi jeli yeniyeni: G′ (muyeso wa khalidwe la chinthu cholimba) iyenera kuposa G″ (muyeso wa khalidwe lamadzimadzi) moonekeratu pa liwiro losiyanasiyana. Kwa jeli yobaya, iphwanyeni ndi mphamvu yaikulu n'kuyeza nthawi imene ikutenga kuti ibwerere. Muyeso uliwonse uchitike pa madigiri 37 m'madzi a mchere wofanana ndi wa m'thupi, ndipo ubwerezedwe ndi seramu (madzi a m'magazi), chifukwa mapuloteni a m'magazi amamatira pa timaulusi n'kusintha khalidwe lake.

Musanakhudze selo kapena nyama, thetsani nkhani ya ukhondo. Sefa ya 0.22 µm imagwira ntchito peptide isanalumikizane, chifukwa timaulusi tataliatali timatseka sefa n'kutsala pamenepo, ndipo muyenera kuyezanso kuchuluka kwa peptide mukasefa. Endotoxin, poizoni wochokera ku zikopa za mabakiteriya, imadutsa m'sefa ndipo imautsa chitetezo cha m'thupi ngakhale itachepa kwambiri, motero iyezeni ndi mayeso otchedwa LAL pa gulu lililonse limene mwapanga. Pa muyezo wa padziko lonse wa ISO 10993-5, chinthu chimene chasiya maselo amoyo osakwana 70% chimatengedwa kuti ndi chovulaza maselo. Yesaninso ngati chikuphwanya maselo ofiira a magazi, makamaka ngati peptide yanu ili ndi lysine kapena arginine yambiri, pakuti chaji cha + chophatikizana ndi mbali zothawa madzi chimaboola zikopa za maselo. Khalidwe lomwelo ndi limene limachititsa kuti MAX1 iphe mabakiteriya pamwamba pake, choncho nkhani ndi kupeza mlingo woyenera.

Chitetezo cha m'thupi chimafuna kuganiziridwa mwapadera. Mu 2010 Jai Rudra ndi Joel Collier anaonetsa kuti peptide Q11 ikanyamula kachidutswa ka puloteni yachilendo, mbewa zimapanga ma antibody (mapuloteni oteteza thupi) ambiri popanda chowonjezera chilichonse cholimbitsa katemera, ndipo mu 2012 anachita chimodzimodzi ndi kachidutswa ka NANP kochokera ku kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum. Kwa wofufuza katemera imeneyi ndi nkhani yabwino, koma kwa wofuna kukonza bala kapena kusunga maselo ndi chenjezo lakuti chizindikiro chobwerezedwa kambirimbiri pa kaulusi chingautse thupi, ndipo ziyenera kuyezedwa. Popeza timaulusi ta beta-sheet timafanana ndi amyloid (timaulusi ta mapuloteni ounjikana) ya matenda monga Alzheimer, ndipo ma phenylalanine awiri aja anatengedwa pakati pa amyloid-beta yeniyeniyo, n'koyenera kuyesa ngati peptide yanu ikufulumizitsa kuunjikana kwa mapuloteni a m'thupi. Yezaninso nthawi imene imatha. Ngati ma enzaimu akuidya msanga, ma D-amino asidi amachedwetsa kudyedwako, ndipo ngati ikukhalitsa, ikani kachigawo kamene ma enzaimu a MMP amadula, kuti maselo azidzitsegulira njira akamalowa.

Kawirikawiri peptide yoyamba siikwanitsa zonse, ndipo pokonzanso sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Khalani ndi zoyerekezera ziwiri nthawi zonse: thunthu lopanda chizindikiro, ndi peptide yokhala ndi chizindikiro chosokonezedwa, monga RGE kapena RDG m'malo mwa RGD, kuti mudziwe ngati maselo akumvera chizindikirocho kapena akungomvera kulimba kwa jeli. Bwerezani zonse ndi gulu lachiwiri la peptide lopangidwa palokha. Pokhapo ndi pamene mungapemphe chilolezo kwa komiti yoona za kasamalidwe ka nyama zofufuzira, ndipo sankhani nyama ndi bala zofanana ndi ntchito imene munailemba pachiyambi. Zotsatira za mbewa, ngakhale zokondweretsa ngati za gulu la Stupp mu 2021, pamene mbewa zovulala msana zinayambanso kuyenda patatha masabata anayi, si umboni wa zimene zidzachitike mwa munthu. Ngati cholinga chanu ndi kufika kwa odwala, funsani msanga bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko limene mukugwirira ntchito ngati chinthucho chidzawerengedwa monga chipangizo chachipatala kapena monga mankhwala, chifukwa jeli yongotseka magazi ndi jeli yonyamula chizindikiro chosintha maselo zimadutsa njira zosiyana, ndipo mayeso a nyama amene mudzafunsidwe amadalira yankho limenelo.